Mboni Yachiwiri

Ntchito ya Vrunda Phadke inali ngati mchere m'ndiwo, yosaoneka. Ooneka anali bwana wake, a Thorat, ogulitsa nyumba za anthu mumzinda wa Pune ku India. Iwo ndiwo ankagwirana chanza ndi makasitomala, kuseka mokweza, kujambulitsa. Wogula ndi wogulitsa akangomvana, a Thorat ankaponya failo patebulo la Vrunda n'kupita kukamwa tiyi. Zotsala zonse zinali zake: kuthamangitsa a kubanki, kukumbutsa loya, kuona kuti pepala lililonse lilipo, kupeza tsiku ku ofesi ya boma yolembetsera nyumba, ndi kukonza mboni ziwiri. Zaka zisanu ndi zinayi, failo yake inali isanabwezedwepo ngakhale kamodzi.

Lolemba lina failo inagwa patebulo paja, ndipo atangoitsegula anaona dzina limene ankalidziwa. Inali nyumba ya banja la Lele, ya khonde lamatabwa ija. Wogulitsa anali Ninad Lele.

Nyumbayo ankaidziwa bwino, chifukwa ndi kumene anakwatiwa achemwali ake, a Sulabha, Vrundayo ali kamtsikana ka zaka khumi ndi ziwiri. Ankakumbukira mkwati, Shekhar Lele, akulemba ndi mphete m'mbale ya mpunga dzina latsopano la mkazi wake, monga timachitira pa ukwati kwathu kuno ku Pune. Analemba kuti Madhavi, ndipo kuyambira tsiku limenelo m'nyumba ya a Lele munalibe amene anatchulapo dzina loti Sulabha. Patapita zaka zinayi Shekhar anafa pa ngozi ya njinga yamoto, osasiya mwana. Mwambo wa maliro utangotha, mng'ono wake Ninad anatulutsa sutikesi ya alamu ake n'kuiika pamsewu. Amene anaisenza mpaka kwawo ndi Vrunda, achemwali ake akulira pambuyo.

Ndiye taonani zimene Ninad yemweyo analumbira pa pepala la chidindo la m'failomo: kuti mkulu wake Shekhar anamwalira asanakwatire, ndipo nyumba yonse ndi ya iye yekha. Asanakwatire! Nanga mayi amene anakuchapira malaya zaka zinayi anali ndani, mzukwa? Mkwiyo unamukwera Vrunda. Anafuna kuling'amba pepalalo, koma anangoliwongola bwinobwino n'kulibwezera m'failo.

Lachitatu Ninad anabwera yekha ku ofesi, atanenepa, mphete zili mbwee m'zala. Sanamuzindikire. Akanamuzindikira bwanji? Dzina la Phadke linali la kwa mwamuna wake, komanso anthu ngati Ninad sayang'ana nkhope ya munthu wonyamula mafailo.

"Tamverani kuno, mayi wa mafailo," anatero, maso ali pa foni. "Wogula wanga, a Oswal, ndi munthu wa mapemphero. Wansembe wawo wanena kuti nyumba ilembetsedwe Lachinayi la pa 18, nthawi isanakwane 12 koloko. Ikangodutsa, sagula, ati ndi tsoka. Ine tikiti ndagula kale, ndikusamukira kwa mwana wanga ku Canada. Musandichedwetse ndi timapepala tanuto."

"Mboni muli nazo, bambo?"

"Tolani aliyense pamsewu. Si ntchito yanu imeneyo?"

"Yoyamba akhala a Thorat," anatero Vrunda, mawu ali phee. "Yachiwiri ndi mayi Sulabha Karmarkar. Amasoka zovala ku Kothrud. Mukuvomereza?"

"Kaya asoke, kaya aphike, bola akhale ndi chala chodindira."

Vrunda anamusainitsa pansi pa maina awiriwo, chifukwa iye sankasiya kanthu kosasainidwa. Zaka zinayi m'nyumba imodzi, koma dzina limene alamu ake anabadwa nalo munthuyu sankalidziwa!

Ovuta anali a Sulabha eni ake. Vrunda anawapeza pa makina osokera, tsitsi litayamba imvi, ndipo sanafune n'komwe kumva.

"Zisiye, Vrunda. Zinapita zimenezo."

"Achemwali, mlandu suola."

"Ntchito idzakuthera, mwana iwe."

"Ithe. Ine sutikesi ija ikundilemerabe mpaka lero."

Anawaikira pepala lija pansalu imene ankasoka. A Sulabha anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mawu, ndipo atafika pa "asanakwatire" phazi linaima pa makina. Sanalire. Anadzuka, natsegula kabati, n'kutulutsa kalata yawo ya ukwati, ya maina awo onse awiri, Sulabha ndi Madhavi, itakulungidwa m'nsalu yawo yakale yovala, ya sari.

Tsiku la pa 18 ku ofesi ya boma kunali khwimbi la anthu, fani ikungozunguza mpweya wotentha. A Oswal anabwera atavala zoyera, bokosi la maswiti amkaka lili m'manja, maso ali pa wotchi ya pakhoma. Ninad ankaseka ndi a Thorat ngati nyumba yagulidwa kale. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma iye analibe womuuza. Kalaliki anawaitana itakwana hafu pasiti leveni. Ninad anadinda chala, anamujambula, a Thorat nawonso chimodzimodzi.

"Mboni yachiwiri!" anaitana kalaliki. "Amayi, wogulitsayu mukumudziwa?"

"Ndikumudziwa bwino," anatero a Sulabha. "Ndi mlamu wanga, mng'ono wa malemu amuna anga."

Apo m'pamene Ninad anadzutsa mutu. Foni inamupulumuka n'kugwa pansi.

"Bodza! Pa pepala palembedwa Sulabha! Alamu anga dzina lawo ndi Madhavi!"

A Oswal anaika bokosi la maswiti patebulo.

"Alamu ati, a Lele, poti mkulu wanu sanakwatire?"

Kalaliki anali atalandira kale kwa a Sulabha kalata ya ukwati ija, akuiyang'ana pamwamba pa magalasi ake. Anangonena mwaulesi kuti kulumbira bodza pa pepala la chidindo ndi nkhani ya apolisi, ndipo polisi ili kuseri kwa ofesi yomweyo.

A Thorat anamukokera Vrunda pambali, thukuta lili kamukamu. "Wandipha, Vrunda! Bwanji sunandiuze?"

"Bwana, ntchito yanga ndi yoti pepala lililonse m'failo likhale loona. Ndi imene ndagwira."

Vrunda anatulutsa pangano lina, limene analikonza masabata atatu apitawo ndipo loya anali ataliona kale. Linali ndi ogulitsa awiri, Ninad ndi mkazi wa malemu Shekhar, aliyense theka lake.

"Mboni yachiwiri ndikhala ine," anatero, akumuyang'ana Ninad m'maso. "Mwandiiwala, bambo? Ndine amene ndinatola sutikesi pamsewu paja."

Nthawi inali itatsala mphindi khumi. A Oswal anati iwo alibe nazo kanthu kuti ogulitsa ndi angati, bola zithe isanakwane 12. Ninad anayang'ana wotchi, anayang'ana kalaliki, kenaka anasendera kwa a Sulabha.

"Alamu, chonde, sainani."

"Ukuti ndine yani?"

Munthu wamkulu uja, wa mphete zake, anawerama pamaso pa anthu onse n'kugwira mapazi awo. "Ndinu akazi a achimwene anga."

"Kweza mawu, Ninad. Makutu anatha ndi makina osokera."

Anabwereza, mpaka a pamzere wa panja anasuzumira. Mtima wa Vrunda unakoma ngati wamwa madzi ozizira, ndipo sanachite nazo manyazi. Zaka makumi awiri akudikira mawu amenewa! Anawapatsa achemwali ake cholembera, akudziwa kuti zonse zayenda monga anakonzera.

A Sulabha anachilandira, nachigwira, koma sanalembe. Anangoyang'ana wotchi ya pakhoma, osaphethira. Ninad anachonderera, a Thorat anachonderera, ngakhale Vrunda ananong'ona kuti, "Achemwali, nthawi." Itakwana 12 koloko, a Oswal ananyamula maswiti awo n'kutuluka osatsanzika.

"Sindikugulitsa," anatero a Sulabha, akuika cholembera pansi. "Amuna anga anandilowetsa m'nyumba imeneyo pa khomo la kumaso. Bweretsa kiyi, Ninad."

Kiyi anali kale patebulo, woti aperekedwe kwa wogula, atamangidwa kaulusi kofiira. Ninad anayang'ana uku ndi uku, koma panalibe womuthandiza. Anamukankhira kwa iwo ndi nsonga za zala.

Kalaliki anatseka failo n'kumubwezera Vrunda, yoyamba kubwezedwa pa zaka zisanu ndi zinayi. A Thorat anadutsa osamuyang'ana, ndipo iye anadziwa kuti tebulo lake lija mawa likhala la wina. Anadabwa kudzipeza akuseka.

Atafika pa masitepe, a Sulabha anamugwira mkono.

"Sutikesi ija ikadali pamwamba pa kabati. Mawa m'mawa ubwere, udzandinyamulirenso."