Ekizozi Yatsopano ya Col Trethowan

Njinga yamoto ija inazima pakati penipeni pa mphambano, thiraki yodzaza malalanje ikubwera chakumanja. Col Trethowan anaikankha ndi miyendo mpaka m'mbali mwa msewu, ndipo thirakiyo inadutsa ikuliza huta. Anavula chipewa n'kukhala pa udzu. Mwendo wakumanja unkawotcha ngati wautsamiritsa pa mbaula. Mapaipi a ekizozi, amene Loweruka ankanyezimira ngati kalilole, anali atayamba kuda pafupi ndi injini.

Njingayo inali ya zikuluzikulu zija, zolemera, zokhalapo ngati uli pa mpando wa pabalaza. Anaigula atakwanitsa zaka 55, ana onse atachoka pakhomo, ndipo inali isanamuvutepo. Chimene chinkamuwawa chinali kaliridwe kake. Ankati imalira mwaulemu ngati makina osokera. Choncho anaitanitsa ekizozi yopanda zotsekereza phokoso, ndi sefa yaikulu ya mpweya yoonekera kunja, n'kuzimanga yekha m'galaja mwake ku Mildura, kapepala ka malangizo atakatsamiritsa pa chitini cha penti. Atailiza, magalasi a mawindo anachita kunjenjemera, iye n'kuseka yekha.

Chisangalalocho sichinakhalitse. Popita ku ntchito kofakitale yolongedza zipatso, njinga inkatsokomola, ndipo akamachepetsa liwiro inkaphulika kumbuyo ngati mfuti. Tsopano Lachinayi ili inafuna kumuphetsa. Atakhala pa udzupo, dzina limodzi lokha ndi limene linkazungulira m'mutu mwake: Ante Marusic.

A Ante anali neba wake, bambo wa zaka zopitirira 70 amene kale ankalima mphesa. Lachiwiri madzulo anamuitanira pa mpanda n'kumuuza kuti akazi awo, a Zorka, amene ankadwala impso, tulo timawapeza kukamacha, nthawi yomwe Col amailiza njinga yake. Sanakweze mawu. Col anayankha kuti aganizira, koma mumtima anati galaja ndi lake ndipo msewu ndi wa boma. Ndiye Lachitatu, pobwera ku ntchito pa galimoto ya mnzake chifukwa kunagwa mvula, anapeza kachitseko ka m'mbali mwa galaja katangotsekedwa osakhoma. Kiyi wina wa kachitsekoko ankasunga a Ante kwa zaka khumi ndi ziwiri, poti ankabwerekana makina otchetchera kapinga.

Atafika kunyumba Lachinayilo anafunsa mkazi wake Raelene ngati anaona munthu kugalaja dzulo lake. Raelene anazengereza, kenako anavomera kuti anawaona a Ante akutuluka, koma makina otchetchera sanatenge.

"Andithirira china chake mu thanki," anatero Col. "Madzi kaya shuga."

"Col, njinga yako inayamba kuphulika Lolemba. Ndinaimva ndili m'bafa. Iwo analowa Lachitatu."

Col anati kuphulika ndi kwina, kuzima ndi kwina. Raelene anamukumbutsa kuti munthu ameneyo ndi amene anawathamangitsira mwana wawo kuchipatala atathyoka mkono, Col ali ku ntchito. Col anati anthu amasintha. Anatuluka osamaliza tiyi.

Anawapeza a Ante akuthirira tomato. Sanawapatse moni. Anangoti akufuna kiyi wake, n'kuwonjezera kuti mmawawo akanafa pa mphambano, ndipo akapeza chilichonse mu thanki nkhaniyo ikathera kupolisi. A Ante anatseka mpopi, analowa m'nyumba, anatuluka ndi kiyi wa kachingwe kofiira n'kumuika m'dzanja la Col. Sanadziikire kumbuyo. Sanafunse n'komwe kuti thanki yatani. Kukhala chete kumeneko Col anakutenga ngati kuvomera.

Lachisanu anapempha tchuthi, anakweza njinga pa ngolo ya galimoto n'kupita nayo kwa Tevita, makaniko wa ku Tonga amene anali ndi galaja kuseri kwa malo ogulitsira matayala. Ananyamulanso botolo la jamu lodzaza petulo amene anapopa mu thanki. Analiika patebulo ngati umboni wa kukhoti.

Tevita analikweza kudzuwa, analigwedeza, analinunkhiza. Anati petuloyo ndi woyera kuposa madzi amene iye amamwa. Kenako anazungulira njinga, anagwada pa mapaipi akuda aja, anagogoda sefa ndi chala, n'kufunsa kuti wamanga zimenezi ndani. Col atati ndi iye, Tevita anagwedeza mutu, n'kunena kuti mabawuti wamanga bwino ndithu.

"Nanga kompyuta munaichuna, akulu?"

"Kompyuta yanji?"

Tevita anamasula pulagi imodzi n'kumuonetsa. Nsonga yake inali mbuu ngati phulusa. Anafotokoza kuti njinga zamasiku ano zilibe kabuleta. Petulo amayezedwa ndi kakompyuta kamene kali pansi pa mpando, ndipo kanaphunzitsidwa ku fakitale kuyeza molingana ndi ekizozi ndi sefa zakale. Tsopano mpweya ukulowa wambiri, ukutulukanso mosavuta, koma petulo ndi yemwe uja. Injini ikugwira ntchito ndi njala, n'chifukwa chake ikutentha, ikuphulika, ikuzima.

Col anamvetsera maso ali pa shelefu ya kumbuyo kwa Tevita, pomwe panali timabokosi ta zipangizo zochunira. Anaganiza kuti makaniko aliyense amapeza matenda amene mankhwala ake ali nawo pa shelefu. Ananena zimenezo, ngakhale mozungulira. Tevita anaseka osakwiya. Anati palibe chifukwa chomukhulupirira iye. Anamuuza kuti apite kunyumba, akatenge ekizozi ndi sefa zakale, azibwezeretse pompo ndi manja ake, petulo asasinthe ngakhale dontho.

Col anapitadi. Anagwira ntchitoyo maola awiri pansi m'galaja la Tevita, thukuta likudontha pa masipanala obwereka. Atamaliza anathira mu thanki petulo wa m'botolo uja, n'kukwera msewu wa ku Red Cliffs. Anathamanga, anachepetsa liwiro, anaima, ananyamuka. Ankachita kuifunafuna njingayo kuti itsokomole kamodzi kokha. Inangoyenda myaa ngati kale.

Atabwerera, Tevita sanamuseke. Anangofunsa kuti ndiye achite ziti: aisiye chonchi, kapena abwezeretse zatsopano zija, aikemo zotsekereza phokoso, iye achune kompyuta. Anamuchenjeza kuti ngakhale ndi zotsekerezazo idzalirabe kuposa kale. Col anasankha zatsopano. Mawu a ekizozi yatsopanoyo ankawafunabe.

Loweruka mmawa anaima pakhomo pa a Ante kwa kanthawi asanagogode. A Ante atatsegula, Col anafotokoza zonse, za pulagi, za mpweya, za kompyuta, mawu ambirimbiri, mpaka anazindikira kuti akungothawa mawu amodzi. Anati pepani, ndinakunamizirani.

A Ante anatuluka n'kukoka chitseko kumbuyo kwawo kuti a Zorka asamve.

"Sunaname kwenikweni," anatero. "Ndinalowadi, ndipo sindinadzere makina otchetchera. Ndinali ndi chiguduli m'thumba, choti ndikanikize mu paipi. Zorka anali asanagone masiku atatu. Ndinaima pamenepo, sindikudziwa nthawi yaitali bwanji. Kenako ndinaganiza za iwe uli pamsewu, ndinatuluka."

Col anabwera atakonzeka kukhululukiridwa, osati kumva zimenezi.

"N'chifukwa chake simunanditsutse?"

"Ndikanatsutsa ndi nkhope yanji?"

Col anafunsa za a Zorka, ndipo a Ante anati madokotala akufuna kuwonjezera masiku otsuka magazi. Sanamuitanire m'nyumba ngati mmene ankachitira kale, khofi ali kale pamoto. Col naye sanapemphe. Pobwerera anadzipeza akuyang'ana m'mapaipi onse awiri ndi tochi, ndipo anachita manyazi Raelene atamupeza atagwada.

Njinga inachunidwa Lolemba. Lachiwiri kukucha, Col anatsegula galaja pang'onopang'ono, anagwira mahandulo n'kuyamba kuikankha. Inali yolemera ngati ng'ombe, ndipo msewu wawo unali ndi kachitunda kamene pa zaka zonsezi anali asanakazindikire. Anadutsa nyumba ya a Marusic makatani ali chitsekere, anadutsa nyumba zina zisanu, akupumira m'mwamba, msana ukuwawa. Anakailizira pa kona, pafupi ndi sukulu, pomwe panalibe wogona.