Mawu a Teleza

A Blackson anatsika kabaza pakhomo pa nyumba ya wailesi Lolemba m'mawa, atavala jekete yawo ya kutchalitchi. Anali kapitawo wa othyola tiyi, ndipo aka kanali koyamba kujomba ntchito chichitikireni maliro a mkazi wawo, Teleza.

Dzulo lake masana wailesiyo inabwereza sewero lakale m'pulogalamu ija ya nkhani zoopsa, yomwe sabata iliyonse imabwera ndi nkhani ina. Linali la mayi amene anamezedwa ndi munda wa tiyi, dengu lili kumsana, ndipo kukachita nkhungu ankaitana mwamuna wake kuchokera pansi pa mizu. Amene anasewera mayiyo anali Teleza. Anasewera kamodzi kokha, zaka zitatu zapitazo, a wailesi atabwera kukwaya kudzafuna mzimayi wa mawu amphamvu. Nthawi imeneyo a Blackson anakana kumvera. Anati ndi zachibwana.

Anawalandira ndi Enid, wokonza masewerowo, ndipo anamuuza kuti ndi mwamuna wa Teleza.

"Ndiye bambo a Happy enieniwo ndinu!" anatero Enid akuseka. "Papepala tinalemba dzina lina, koma mayi anakana. Anati, 'Ine ndiziitana mwamuna wa eni pa wailesi? Mukufuna ndikapeze katundu wanga panja?' Ali bwanji?"

"Anatisiya mu Febuluwale."

Enid anagwira pakamwa. "Pepani, bambo. Sitinamve."

"Zithunzi ndili nazo," anatero a Blackson, akutulutsa foni. "Mawu ndilibe. Ndimati mundiikire muno. Koma awo enieni, musanawasandutse chilombo."

Enid analowa nawo m'kachipinda kokhomedwa masiponji m'makoma, n'kuwaveka zomvera m'makutu. Munamveka mphepo, kenako mawu aakulu, okoka, ngati ochokera m'chitsime: "Bambo a Happy... madzi akupola... bwerani..."

Ndi mmene Teleza ankawaitanira tsiku lililonse akaweruka, madzi osamba ali kubafa.

"Ndi omwewo," anatero a Blackson. "Tsopano chotsani zinazo."

Enid sanawayang'ane. "Tikamaliza kusakaniza, zoyambirira zija timafufuta. Kompyuta ndi imodzi yomweyi, imadzaza msanga."

"Simungawabweze?"

"Ndiyesa. Tinawatsitsa mawuwo, ndiye ndiziwakweza pang'onopang'ono. Akafika pomwe ankayankhulira, mundiuze."

Anayamba. Mawu aja anapepuka, nakhala ngati a mwamuna wa chimfine.

"Kwezanibe."

Anakweza. Tsopano anali a kamtsikana.

"Ayi, mwapitirira. Tsitsani."

Enid anatsitsa, n'kukwezanso, n'kutsitsanso. Teleza anaitana kakhumi, kenako kangaponso, nthawi iliyonse ali munthu wina.

"Apa?" anafunsa Enid.

A Blackson anatsinzina. Anakumbukira bafa la udzu, beseni lobiriwira, Teleza ataima pakhonde chitenje chili m'chiuno. Anaona pakamwa pake pakutseguka. Anadikira kuti amve.

"Bwerezani."

Enid anabwereza.

"Mwina apa. Kapena paja poyamba." Anavula zomvera zija n'kuziika patebulo mosamala. "Sindikudziwa, mayi."

"Mwina Happy angazindikire?"

"Ali ku Joni. Ndipo ndikamuuza chiyani? Kuti zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi sizinandikwanire?"

Enid anafunsa kuti awaikire mawu ati mufonimo.

"Aja a pa wailesi. Amenewo ndiye ndikudziwa kuti anatuluka pakamwa pawo."

Pobwerera sanakwere kabaza. Anadutsa njira ya m'minda, foni ili kukhutu. Anamvera kanayi asanafike pamlatho, akuganiza kuti mwina pansi pa mawu onenepawo atolapo kena kake. Anamveranso pokwera chitunda.

M'mawa mwake nkhungu inaphimba munda wonse. Othyola ankaoneka mitu yokha ndi madengu, akuseka za mvula imene inakana kugwa. A Blackson anaima kumapeto kwa mzere, ndodo ili m'manja. Foni anali ataisiya kunyumba dala.

Anayesanso kukumbukira. Bafa, beseni, khonde. Teleza anatsegula pakamwa, ndipo ulendo uno mawu anabwera: aakulu, okoka, ochokera pansi pa mizu.

"A kapitawo," anaitana Margret, mmodzi wa othyolawo, "tiyambire mzere uti?"

Anafunsa kawiri. A Blackson analoza ndi ndodo, osayang'ana komwe akuloza.