Mabingu Akana Kufa

Ankamutchula kuti Mabingu chifukwa cha mawu ake. Ngakhale anong'one, wa chipinda china ankamva zonse. Ntchito yake inali yokwera pagalimoto ya zokuzira mawu n'kumazungulira m'misewu kulengeza kuti sitolo yakuti yatsitsa mitengo ya mapoto. Kale anali woimba, koma gulu lawo linatha ngati makatani, ndipo iye anabwera kudzakhala m'chipinda chakuseri kwa nyumba ya mlongo wake wamng'ono.

Mlongo wakeyo ndi mwamuna wake ankapanga gemu ya pakompyuta. Mkazi ankalemba nkhani ndi kujambula zithunzi, mwamuna n'kumalumikiza zonse kuti zinthu ziziyenda munthu akadina batani. Gemuyo inali ya kaloboti kobiriwira kogwira sipanala, komwe kankathamanga m'fakitale yaikulu, kulumpha maenje, kukwera makwerero, kuzemba minga yachitsulo. Kalobotiko kanali ndi mkulu wake, loboti wakuda wa phewa ladzimbiri, woyamba kupangidwa, amene anathawa kwa mmisiri wokalamba yemwe anawapanga onse awiri. Wamkuluyo ankatulukira apo ndi apo kudzatchinga njira. Woyankhula mawu ake anali Mabingu.

Ankajambulira mawu m'kabati ya zovala. Mlamu wake anakhomamo mabulangeti kuti phokoso la pamsewu lisalowe, ndipo maikolofoni anaiveka sokosi. Mabingu ankalowamo chowerama, mutu uli pakati pa madiresi, n'kumaopseza kaloboti ndi mtima wake wonse. Ntchitoyi ankaikonda kuposa ya mapoto.

Loweruka lina m'mawa anafika pa gawo lomaliza. Mlongo wake anatembenuza laputopu kuti aone. Pasikirini fakitale inali kuyaka, denga likugwa. Loboti wakuda anathamanga n'kuligwira dengalo ndi manja onse awiri, kaloboti n'kudutsa pansi pa mikono yake. Kenako dengalo linamutswanya.

"Apa muziyankhula motsitsa," anatero mlongo wake. "Munene kuti, 'Thawa, mng'ono wanga. Ndinalakwa kuchoka. Ukawauze bambo kuti andikhululukire.' Mukatero mupume kamodzi, basi."

Mabingu anaonereranso kachiwiri. Anavula mahedifoni n'kuwakoleka pachitseko cha kabati.

"Amenewo sindinena."

"Avuta pati? Ndi afupi."

"Afupi ndithu. Koma ine sindifa."

Mlamu wake anaseka ali pampando wake wamatayala. "Alamu, si inu mukufa. Ndi chitsulo ichi. Ndi momwe amathera magemu oterewa. Fakitale imaphulika pamapeto, m'bale wopanduka amadzipereka. Anthu amalira, n'kukauza anzawo kuti asewere."

"Ndiye mwati onse amathera choncho?"

"Pafupifupi onse."

"Ndiye wanu uyu akhale woyamba kukana. Ngakhale akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Inu mukumusenzetsa yekha, kenako mukuti apepese denga lili pamutu."

Mlongo wake sanaseke. Anapinda manja pachifuwa.

Mabingu ankadziwa kumene nkhaniyo inachokera, ndipo ankadziwa kuti mlongo wake akudziwa kuti iye wadziwa. Bambo awo anali okonza mafiliji. Anali ndi kashopu kodzaza mawaya ndi fungo la gasi, ndipo mwana wawo woyamba, Mabinguyo, anamulera kuti adzalowe m'malo mwawo. Iye sanafune. Tsiku lina anasiya sikuludiraiva pabenchi, n'kunyamula gitala. Mlongo wake ndiye anatsala, akuwagwirira tochi bambowo kuseri kwa mafiliji mpaka manja awo atayamba kunjenjemera, shopu n'kutsekedwa. Pamaliro awo Mabingu anabwera, anaimba, anthu n'kumalozerana ndi milomo.

"Phewa ladzimbiri lija ndinaliona kalekale," anatero, akusisita phewa lake lomwe linathyoka ali mwana. "Ndinangokhala chete chifukwa mawu oopseza ankandikoma. Koma apa wafika patali. Ukufuna ndilowe m'kabati, ndipepese kwa bambo ndi pakamwa panga, kenako denga lindigwere, anthu aombe m'manja."

"Ndi nthano chabe, achimwene."

"Ngati ndi nthano chabe, isinthe."

"Sindisintha. Munthu wothawa kwawo abwerera bwanji osalipira kanthu?"

"Ndiye kulipira kwake n'kufa? Loboti uyu anapangidwa kuti azinyamula zitsulo, iye sanafune kunyamula zitsulo. Mlandu wake ndi umenewo. Sanabe, sanaphe. Anangotuluka pakhomo."

"Nanga wamng'onoyo? Anatsala yekha ndi nkhalamba. Zitsulo zonse zija ananyamula ndi iyeyo. Zimenezo simukuziona?"

"Ndikuziona. Amukalipire, amutukwane, amumenye ndi sipanalayo ngati akufuna. Koma akhale moyo kuti amve. Wakufa samva kanthu, iwe. Ukamupha wamupulumutsa."

Mlongo wake anatseka laputopu mwamphamvu. Anati mawu si a munthu mmodzi padziko pano, apeza wina. Mabingu anati apeze. Anavala nsapato n'kupita kukalengeza mapoto.

Wina woyamba kupezeka anali mlamu yemweyo. Analowa m'kabati, anakhosomola, anayesa kukhuthalitsa mawu, koma chomwe chinatuluka chinali ngati mbuzi yomangidwa pakhosi. Anayesa kuwatsitsa ndi kompyuta, loboti n'kumveka ngati akuyankhulira m'chidebe. Anaitana mnzawo wina woimba besi kukwaya. Ameneyo ananena bwino ndithu, koma atalumikiza ndi magawo akale zinaonekeratu kuti loboti wasintha pakhosi. Akanafuna kumugwiritsa ntchito, akanayenera kujambulanso zonse kuyambira pachiyambi.

M'nyumbamo munazizira. Mlongo wake ankamusiyira chakudya patebulo chovindikira. Mabingu ankadya, n'kutsuka mbale zonse, ngakhale zomwe sanadyere, akuimba mokweza kuti amveke kuti alipo. Mlamu wake ankayenda pakati pawo ngati munthu wonyamula mazira.

"Alamu, tangonenani mawuwo," anamuchonderera tsiku lina pakhonde. "Pakamwa pokha, mtima musaikepo. Ine ndatopa kugona ndi munthu woyang'ana kukhoma."

"Pepani, alamu. Mawu anga ndimagulitsa nawo mapoto, koma kudzikwirira nawo ndekha ayi."

Lamulungu lina masana mlongo wake anabwera pakhomo la chipinda chakuseri. Anamupeza akusita malaya a kuntchito.

"Sindinasinthe maganizo," anatero. "Munalakwa kuchoka."

"Ndamva."

"Koma ntchito yaima. Ngati safa, achita chiyani? Denga likugwabe. Limenelo sindichotsa, ndinalijambula mwezi wathunthu."

Mabingu anaimika ayironi. "Ligwe. Aligwire mpaka wamng'ono adutse, chifukwa ndi mng'ono wake. Kenako alisiye, atuluke."

"Atulukira pati? Njira yatsekeka."

"Iwe si ndiwe wojambula maenje ndi makwerero? Mupatse njira yake. Ikhale yoipa kuposa zonse. Umudule mkono ngati mtima wako ukufuna magazi. Koma wosewerayo amuyendetse yekha mpaka atuluke."

"Ndimudula mkono," anatero mlongo wake.

"Mdule."

"Ndipo akatuluka, wamng'ono samukumbatira."

"Ndani wapempha kukumbatiridwa?"

Anapita kukabati. Mabingu anawerama n'kulowa pakati pa madiresi, mlamu wake n'kudina batani. Panalibe mawu olembedwa. Anapuma, kenako anayankhula ndi mawu ake onse, osatsitsa.

"Dutsa msanga, manja akuwawa. Usayang'ane m'mbuyo, ndipo usayambe kulira. Ndikupeza panja. Uli ndi zondiuza, ndikudziwa. Uzisunge, ndikubwera."

Atatuluka, mlongo wake anali atatembenukira kuwindo. Anati mawu omalizawo anawathamangitsa, abwerezenso. Anabwereza. Anati tsopano achedwetsa. Anamubwerezetsa mpaka thukuta linanyowetsa malaya, ndipo Mabingu sanadandaule ngakhale kamodzi.

Gawo latsopanolo mlongo wake analipanga ndi mkwiyo wake wonse. Loboti wa mkono umodzi sankatha kugwira makwerero bwino. Pansi pankagumuka, moto ukukwera, minga ili paliponse pomwe phazi likanafuna kutera. Gemu itatuluka, osewera ambiri anadandaula kuti gawolo ndi lankhanza, ena n'kulisiya osamaliza. Ena analemba kuti loboti wopanduka akanangofa monga zimakhalira, nkhani ikanakoma. Koma analipo ena omwe analimbana nalo mpaka kutuluka, n'kupeza kaloboti kataima panja, manja m'chiuno, kakudikira. Kalobotiko kankayamba kukalipa, ndipo kankakalipabe mayina a opanga gemu akudutsa pasikirini. Mawu a kalobotiko anali a mlongo wake, ndipo anawajambula kamodzi kokha, osabwereza.

Mabingu mwiniwake gawolo linamukanika. Zala zake zinali zazikulu, mabatani aang'ono. Madzulo aliwonse akaweruka ankakhala pabalaza, n'kugwera m'dzenje lomwelomwelo.

"Mwafa, achimwene," ankatero mlongo wake podutsa ndi mbale.

"Ndaterereka chabe," ankayankha, n'kudina batani loyambiranso.