Mitengo Inayi ya M'foni Mwanga

"Bweretsa foniyo iwe Sophie! Ukundiyesa mnzako eti?"

Amalume a Fackson amenewo, kukuwa pakhonde pa amayi mpaka anthu opita kuchipatala cha Ligowe kuima pamsewu. Ine foni ndaipanira m'khwapa. A Bernard, aja a kafukufuku ochokera ku yunivesite, ali pampando, chikwama pamiyendo, akungoyang'ana nsapato zawo.

"Foni ndi yanga amalume. Munandigulira ndinu?"

"Tamvani mwanowo! Bwana ayenda ulendo wonsewu, msewu wa Neno ukuudziwa, iwe nkumapanga matama?"

Ndikuuzeni kaye mmene zinayambira. A Bernard anabwera mu Juni kufuna mitengo ya mankhwala yoti akaiyeze ku labu. Kunoko amene amadziwika pa zitsamba ndi amayi anga, a Esnart, ndiye iwo ankaloza, ine nkumatayipa: dzina, chithunzi, lokeshoni. Tinalemba mitundu 63, ina ine ndinkangoiponda popita kunkhuni osadziwa kuti ili ndi dzina. Ntchito ndinkaikonda, serious.

Zinavuta pa muwawani. Khungwa lake amayi amapatsa anthu odwala m'mimba, ndipo a Bernard ankafuna sampulo. Tsikulo amayi anali kumaliro ku Lisungwi, amalume nkuti palibe vuto bwana, ndikuperekezani ndine.

Amayi akamasenda khungwa amatenga kachigamba kofanana ndi chikhatho chawo, mbali imodzi yokha, kenako amamata dothi lonyowa pabalapo. Mtengo umenewo saukhudzanso mpaka padutse zaka ziwiri. Amalume anangotenga chikwanje nkusenda kuzungulira thunthu lonse, kuyambira m'mawondo mpaka pomwe mkono wawo unalekeza. Muwawani wa kumtsinje uja, umene amayi anayamba kuusamala ine ndisanabadwe, pano wauma gwa. Ndiye khungwalo analimanga laliwisi m'jumbo. Pofika ku Blantyre linali litachita nkhungu. Labu inakana.

Mitengo ya muwawani yatsala inayi basi, kuphiri. Ina yonse inapita ndi makala. Odziwa malo ake ndi amayi ndi foni yangayi, ndiye lero a Bernard abweranso kufuna khungwa lina.

"Achemwali," a Bernard anandiyankhula motsitsa, "sorry kwambiri za mtengo uja, nanenso zinandiwawa. Koma taganizani. Labu ikapeza kuti khungwali lili ndi mankhwala enieni, muwawani utetezedwa. Titha kuyambitsa nazale konkuno."

"Nazale ya njere zochokera kuti? Mtengo wouma umabereka?" ndinayankha.

A Bernard anangokhosomola.

"Mukufuna lochuluka bwanji?" ndinafunsa.

"Makilo atatu. Louma."

Amayi anali pamkeka akusenda nandolo. Apa anaseka pang'ono, nkutambasula dzanja lawo, kuliyang'ana. "Zimenezo ndi zikhatho zingati, bambo?"

"Tengani masamba," ndinatero. "Masamba amaphukiranso."

"Pepala lathu la kafukufuku linavomerezedwa pa khungwa. Kusintha ndiye kuyambiranso, miyezi sikisi."

"Chabwino. Pitani ndi amayi, asende okha. Mtengo uliwonse chikhatho chimodzi, mupeza zinayi. Mubwerenso pakatha zaka ziwiri."

"Ndi zochepa zimenezo achemwali. Komanso galimoto ikunyamuka thuu koloko."

"Mwamva?" amalume analowerera. "Thuu koloko! Ungondionetsa pa mapupo, ine ndithamange ndekha, ola limodzi ndabwerako."

Anali atavala kale tisheti ya pulojekiti imene a Bernard anawapatsa, yaikulu mpaka m'ntchafu, chikwanje chomwe chija chili m'manja. Ati akufuna azikatchedwa field assistant. Munthu woti mpoza ndi mthethe sasiyanitsa.

"Achemwali," amalume anatembenukira kwa amayi, "mwana wanuyu mumuyankhule. Ine ndi mwini mbumba pano."

"Ine za foni sindizidziwa, achimwene," amayi anayankha, maso ali pa nandolo. Koma mlongo wawo sangamukanize pamaso pa mlendo, ndimawadziwa. Akakakamizidwa akawalozera okha, kenako azikalira kuseri kwa nyumba ngati mmene analirira wa kumtsinje uja.

"Amayi musadzuke," ndinatero. "Miyendo ija ikukupwetekani, kuphiri simungafike lero."

Anandiyang'ana, nkugwedeza mutu. "Eya. Ikupweteka zedi."

A Bernard anatsegula chikwama, kutulutsa fomu. "Sophie, sindikufuna tikangane. Koma data imeneyo ndi ya pulojekiti. Munasayina apa."

"Ndinasayina kuti nditayipa. Paliponse palembedwa kuti ndithandize kuumitsa mitengo? Ndionetseni."

Ndinatulutsa foni. Amalume anatambasula dzanja akumwetulira, kuganiza kuti ndagonja. Netiweki inali ka mzere kamodzi koma inakwana. Foni ya a Bernard inalira m'thumba.

"Mayina onse 63 ndi zithunzi ndakutumizirani pa WhatsApp. Palibe chimene ndabisa."

Anatsitsa ndi chala, kutsitsa, kutsitsa. "Malokeshoni a muwawani sindikuwaona."

"Ndadilita. Ndi mu bin momwe."

"Wapenga iwe?" amalume anamenya chikwanje pachipilala cha khonde. "Nanga khungwa tikalipeza kuti?"

"Kumtsinje. Munasiyako lina m'mwamba, pomwe mkono sunafike."

Ndinavala masilipasi anga, kudutsa pakati pa awiriwo, ulendo wa kumsewu.