Shuga wa Mkamwini

Chibwerereni ku chipatala cha boma, mtima wa Cornelius sunakhalenso m'malo. Madokotala anati mwana wake Fiona, wa zaka zisanu, ali ndi matenda a shuga. Shuga! Matenda omwe anthu a ku Milepa ankati ndi a mabwana a mimba zikuluzikulu, lero agwira kamwana kongoyamba kumene kutchola ndiwo ndi amake. Anawapatsa kabotolo ka insulini ndi majakisoni. Poti mkazi wake Martha ankanjenjemera akangoona singano, ntchito yobaya mwanayo m'mawa ndi madzulo inagwera iye, ndipo ankaigwira ndi mantha tsiku lililonse.

Koma Cornelius anali mkamwini pamudzipo. Mkamwini amamanga nyumba, amalima, amabereka, koma ana ndi a mwinimbumba. Mwinimbumbayo anali a Job, achimwene ake a Martha, munthu wosasowa yankho ngakhale pa funso lomwe sanafunsidwe. Atangomva za matendawo analamula kuti shuga yense achoke m'nyumbamo, ndipo nzimbe za kudimba anagwetsa okha ndi chikwanje.

Lachinayi m'mawa Cornelius anabaya mwanayo monga mwa masiku onse. Phala lisanapse, a Job anatulukira ndi botolo la madzi obiriwira a masamba a nimu.

"Chotsekemera chimathawa chowawa," anatero. "Awa amamwa m'mimba muli mbee. Phalalo adya masana."

"Alamu, kuchipatala anati akabayidwa azidya nthawi yomweyo," Cornelius anayankha motsitsa mawu.

"Nanga anati achira liti?"

Anesi anali atamuuza Cornelius mosabisa kuti jakisoniyo ndi wa moyo wonse.

"Mwaonatu. Mukufuna mwana wa mlongo wanga akule ali zibooboo ngati sefa? Ife tikufuna achire."

Cornelius anayang'ana Martha kuti amuthandize, koma Martha anangozyolika. Fiona anamwa akulira, kenaka anasanza zonse. Phala lija Martha analiphula n'kulivundikira.

Kudimba Cornelius sanathirire ngakhale bedi limodzi. Mantha anamubweza dzuwa lisanafike pamutu. Anapeza amayi atatu ataunjikana pakhonde, Fiona ali gone pamphasa, thukuta lili kamukamu, timanja tikunjenjemera. Atamuitana, mwanayo anayankha mawu osamveka ngati woledzera.

"Musadandaule alamu, ndi matenda akutuluka amenewo," anatero a Job, ngakhale kuti nawonso mawu awo anali atachepa.

Apo m'pamene Cornelius anakumbukira mawu a anesi: mwana akatuluka thukuta n'kumanjenjemera ndiye kuti shuga watsika kwambiri, mum'patse shuga msanga, mukachedwa sadzukanso. Analowa m'nyumba, n'kupeza chitini cha shuga chili mbee. Anathamanga chosavala nsapato mpaka pa okala ya kumsewu, anatsomphola kapaketi ka shuga, n'kubwerera mwini okala akukuwa m'mbuyo.

A Job ataona chomwe chinali m'manja mwake anaimirira n'kutchinga njira.

"Mwapenga? Mwana akufa ndi shuga, inu mukubweretsanso shuga yemweyo?"

"Mayo ine, aphedwa mwana!" analira mmodzi wa amayiwo.

Cornelius anaima. Nanga bwanji ngati anesiwo sanawamvetse? Tsiku limenelo anamuuza zinthu zambirimbiri, mutu wake uli balala. Mwanayo akanatsirizika ndi shuga wa m'dzanja lake, mudzi wonse ukanati mkamwini wapha mwana wa eni ake, ndipo iye mwini akanavomereza mpaka kumanda. Ankaopa a Job, ankaopa manja ake omwe. Koma maso a Fiona anali atayamba kutembenuka.

"Pepani alamu," anatero, n'kuwakankhira kumbali. Chikwatirireni pamudzipo anali asanawakhudzepo ngakhale malaya.

Anagwada, ananyowetsa chala, anatapa shuga n'kumupaka mwanayo m'kati mwa tsaya. Anapakanso kachiwiri, kachitatu. Anauza Martha kuti athamange akaitane wakabaza, ndipo ulendo uno Martha sanayang'ane achimwene ake. Cornelius ankangoyang'ana kachifuwa ka mwanayo kakukwera ndi kutsika, osadziwa ngati wamupulumutsa kapena wamumaliza.

Patapita nthawi yomwe kwa iye inali ngati chaka, Fiona anameza malovu. Anaphethira, ananyambita milomo, kenaka anayang'ana kapaketi kanali m'manja mwa bambo ake. Nkhope yake inadzaza mantha.

"Ababa, mwandipatsa shuga?" anafunsa ndi kamawu kofooka. "Amalume anati ndikadya ndifa. Ndifa lero?"

Cornelius anangopukusa mutu, misozi ili chuchuchu, n'kutapanso shuga wina. Mwanayo anatseka pakamwa mwamphamvu n'kutembenukira kukhoma.