Chipepeso cha pa Miyala

Cynthia anali pawindo akutsuka makapu pamene minibasi yoyera inaima kutsidya kwa msewu. Munatsika mayi wa duku ndi chitenje, kenako wina, kenako winanso atanyamula mapoto okulunga m'nsalu.

"Shadrick! Afika amayi a ku tchalitchi cha ku Croydon. A Marjorie ali patsogolo."

Mwamuna wake anatuluka kuchipinda akumanga mabatani a yunifolomu. Anasuzumira pawindo n'kugwira m'mutu.

"Abwera kudzapepesa. Ndiye titani, mayi a Luntha? Bambo wokhala pansi pathu uja alipo lero, TV yake ndikuimva."

Bambo ake a Cynthia anali atamwalira ku Ntcheu sabata yapitayo, ndipo iye maliro anawaonera pafoni. Opepesa saimba foni kufunsa ngati angabwere. Amangofika, kuvula nsapato, kukhala pansi, kulira nawe mokweza n'kuimba mpaka mtima utatsika. Vuto linali pamenepo.

Chisamukireni banjali ku Brighton, aliyense wa ku London wofuna kuona nyanja ankakumbukira kuti ali ndi m'bale kumeneko. Dzuwa likangowala Loweruka, belu linkalira. Ena Cynthia sankawadziwa n'komwe, koma ankamutchula kuti achemwali atafika kale pamasitepe, ana awo akuthamanga ngati mbuzi zomasulidwa. Kafulati kawo kanali ka chipinda chogona chimodzi, pamwamba pa bambo wachikulire amene ankadandaula ngakhale supuni ikagwa. Mwezi wapitawo a Crispin, eni nyumba, anabwera okha. Analankhula akumwetulira, mwaulemu woopsa uja wa kuno, kuti dandaulo linanso likabwera, banjali likafune kwina, poti ofuna nyumba ya kunyanja ndi ambirimbiri.

Kwinako Cynthia ankakudziwa. Chinali chipinda cha ku Croydon, ku London, cha makoma akuda ndi chinyezi, momwe mwana wawo Luntha ankabanika ndi mphumu mpaka milomo kusintha mtundu. Kuno mwanayo ankakwera masitepe akuimba. Anthu ankati Cynthia anatsata zithunzi zokongola za pa WhatsApp, koma iye anatsata mpweya wa mwana wake.

Belu linalira.

"Auze anong'one," anatero Shadrick.

"A Marjorie anong'one? Pa maliro? Inu mukuwadziwa bwino."

"Ndiye ndikawauze ine?"

"Maliro ndi anga. Nditsika ndekha."

Anatsika masitepe. A Marjorie sanali munthu wamba kwa iye. Ndi amene anakamutenga pa siteshoni atangofika ku England ndi chikwama chimodzi, n'kumugoneka pabedi lawo iwo akugona pa sofa mpaka atapeza ntchito. Atatsegula chitseko, mayiwo anatambasula manja, nyimbo itayamba kale kukhosi, ndipo anzawo kumbuyo anali akuwerama kumasula nsapato.

Cynthia anatuluka n'kukoka chitseko kumbuyo kwake. Chinatsekeka ndi kaphokoso kakang'ono, koma aliyense anakamva.

"Amayi, pepani. M'nyumba simulowa."

Nyimbo inaduka.

"Wati bwanji, mwanangu?"

"Landlord anatipatsa warning yomaliza. Mukaimba muno, atichotsa. Luntha sangabwerere ku chinyezi chija, Amayi, mukudziwa momwe ankachitira. Chonde tiyeni kunyanja, ndi pafupi."

"Tachoka ku Croydon kudzalira ku beach ngati ma tourist?" anatero mayi wina kumbuyo. "Chizungu chakulowa, Cynthia."

Gogo wina wa ndodo, amene anali asanalankhule, anasendera pafupi n'kutsitsa mawu. "Ine ndingolowako kuchimbudzi, mwanawe. Ulendo unatalika."

Cynthia anayang'ana pawindo lapansi. Katani inali itasuntha, ndipo nkhope ya bambo uja inali pomwepo. Anadziwa kuti akalowa mmodzi, ena onse atsatira, ndipo iye sadzathanso kuwaletsa. Anadzimva ngati galu, komabe anakweza dzanja n'kuloza kumunsi kwa msewu.

"Zilipo za aliyense pafupi ndi nyanja, agogo. N'zaukhondo."

A Marjorie anamuyang'ana, kenako anawerama n'kuvalanso nsapato yomwe anali atavula.

"Tiyeni, amayi. Wamaliro watiuza pokhala."

Gombe la ku Brighton lilibe mchenga, ndi miyala yokhayokha. Anayala zitenje pamenepo, pakati pa anthu odya ayisikilimu ndi ena ogona chagada atavala zosambira. Amayi achikulire anagwada pa miyalayo akusisima. Atayamba nyimbo, mphepo inkaitenga isanafike patali, ndipo mbalame za kunyanja zinkazungulira mapoto. Mnyamata ndi chibwenzi chake anaima n'kuwajambula pafoni, poganiza kuti ndi kwaya.

Cynthia anali asanalire bwinobwino chimwalirireni bambo ake, poopa bambo wapansi uja. Apa analira mokuwa, nkhope ataikwirira pamiyendo ya a Marjorie, ndipo mayiwo anamusisita kumsana monga kale. Sankadziwa ngati akulira bambo ake kapena chitseko chija.

Atapemphera, amayi anadzuka movutikira, maondo atadindika mabowo a miyala. Mapoto anamusiyira osatsegula. A Marjorie anatsalira pang'ono.

"Tapepesa, mwambo tachita," anatero mofatsa. "Za mwana ndazimva, ndipo sindikukuda. Koma agogo aja unawalozera kumsewu ndi chala anthu akuona. Zimenezo ine sindingathe kukufufutira."

"Amayi, ndikanatani?"

"Sindikudziwa, mwanangu. Mwina inenso ndikanatero. Usamale mwanayo."

Minibasi inapita. Cynthia anakwera masitepe atakumbatira mapoto, akuponda ndi zala kuti asasokose.

Chilimwe chimenecho chinali chotentha kuposa zonse, ndipo masitima ochokera ku London ankatsitsa anthu ngati nyerere. Belu la kwa Cynthia silinalirenso. A Crispin atakumana naye pamsewu anamuyamikira kuti zinthu zasintha, ndipo bambo wapansi anayamba kumupatsa moni. Pa gulu la amayi la pa WhatsApp palibe anamutukwana, palibenso anamuchotsa. Akalemba moni, ankangowerenga.

Loweruka lina masana, Luntha anabwera akuthamanga kuchokera kunyanja ndi bambo ake, masitepe onse osapumira. Anayang'ana pabalaza popanda munthu.

"Mum, are the aunties coming today?"

"Ayi, sabwera."

Cynthia anamukokera pafupi n'kuika khutu pachifuwa pake, monga anazolowera. Mpweya unkalowa ndi kutuluka bwinobwino, popanda kaphokoso kalikonse. Anaumvetsera kwa nthawi yaitali, mwanayo mpaka anayamba kudzikoka. Pamwamba pa kabati panali mapoto a amayi aja, otsuka bwino, ndipo panalibe amene anali atawaitanitsa.