Fayilo ya M'bini

Dzanja lamanja la Aufi analipana pa vaisi, chida chopanira zitsulo, Lachisanu masana, m'galaja ya ku Doornfontein ku Joni momwe ankagwiramo ntchito ya umakanika. Wozunguza chogwirira cha vaisiyo anali chimphona china cha a Khumalo, mwini matekisi a ku Hillbrow. Dzulo lake tekisi yawo inakana mabuleki n'kukaomba khoma, mwana wawo wamkazi ali mpando wakutsogolo. Miyendo yonse iwiri ya mwanayo inathyoka.

"Khuluma, wena," anatero a Khumalo m'Chizulu, kumulamula kuti ayankhule. "Dalaivala wanga akuti unamuuza kuti galimoto ili shapu, ilibe vuto."

Dalaivalayo anali Tawakali, mwamuna wa Madina, mlongo wake wa Aufi. Anali chiimire pafupi ndi mulu wa matayala, maso ali pansi ngati wataya singano.

Bodza lake linali lamkunkhuniza. Lolemba Tawakali anabwera ndi tekisiyo nyali yofiira ikuyaka pa dashibodi. Aufi analumikiza chingwe cha laputopu pansi pa chiwongolero n'kuchita sikani, komwe ndi kufunsa galimoto pamene pakuipweteka. Khodi inatuluka yonena za mabuleki. Anamuuza kuti aisiye masiku awiri, koma Tawakali, poopa kukhala pansi anzake akunyamula anthu, anadina yekha batani la kiliya. Batani limeneli limangozimitsa nyali, matenda amatsala momwemo.

Nanga anamuphunzitsa ndani? Aufi yemweyo, ndi kudzitama kwake kwa uphunzitsi. Seva ndi kusunga, foda ndi thumba la mafayilo, diliti ndi kufufuta. Mlamu wake ankangogwedeza mutu, kumachita ngati sakumva.

Chogwirira chinazungulira. China chake chinalira kuti thwa m'chala chapakati, ndipo Aufi anakuwa mpaka nkhunda zinathawa padenga.

"Bwana, laputopu! Ndimaseva chilichonse!"

Anzake ankamuseka kuti ndi kalaliki, chifukwa sikani iliyonse ankaisunga m'fayilo yokhala ndi tsiku, nambala ya galimoto ndi zomwe dalaivala wanena. Anamuikira laputopu pabenchi. Ndi dzanja lamanzere anatsegula foda ya Lolemba. Fayilo ya tekisiyo munalibe.

Apo mpamene anakumbukira kuti m'mawa Tawakali anabwera kudzatchaja foni, n'kukhala yekha pabenchipo nthawi yaitali. Mtima unamuwawa kuposa chala. Munthu amene anamulandira yekha ku Joni kuno, n'kumugawira theka la chipinda chake!

"Palibe kanthu apa," anatero a Khumalo, n'kutembenukira kwa chimphona chija. "Lithyole lonse dzanjalo."

Koma panali phunziro limodzi lomwe Aufi sanamufikitsepo mlamu wake. Chinthu ukachidilita sichifa, chimangogwera m'bini ya kompyuta, ndipo umatha kuchitola. Kabini kaja kanali pakona ya sikirini, kodzaza. Aufi anayang'ana Tawakali, kumupatsa mpata woti atsegule pakamwa.

"Alamu, nenani nokha. Chonde."

"Ine za makompyuta sindizidziwa, bra," anayankha Tawakali.

Vaisi inalumanso, chala chachiwiri chinathyoka. Aufi anaganiza za Madina ndi ana ake awiri, anaganizanso za dzanja lomwe limadyetsa mayi ake ku Machinga. Anadina bini, n'kubweza fayilo. Inatseguka ndi tsiku la Lolemba, khodi ya mabuleki, ndi mzere womwe analemba m'Chingerezi kuti dalaivala wakana kusiya galimoto.

A Khumalo anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata pa sikirini. Asanamalize, Tawakali analiyatsa liwiro. Sanafike n'pageti pomwe. Chimphona chija chinamugwetsa ndi sipanala ya mawilo, n'kumukhwekhwereza mwendo umodzi kukamuponya kumbuyo kwa baki, galimoto yawo yonyamulira katundu, magazi akulemba mzere pa simenti.

A Khumalo anamasula vaisi okha n'kutuluka.

Aufi anakhala pansi, dzanja lotupa ali nalo pachifuwa. Linali lake ndithu, zala ziwirizo zidzapola. Kenako foni yomwe Tawakali anaisiya patchaja inayamba kulira pabenchi, ndipo dzina lomwe linkawala linali la Madina.